Meya wa zaka 44: kuwerenga buku la Dan Hancox tili m'komboni

Mwezi ukamatha, ambiri a ife timadziwa kagogodedwe ka alandilodi pa citseko. Ndiye mukauza munthu wa ku Kanyama kapena ku Mtendere kuti ku Ulaya kuli mudzi kumene banja limalipira ma euro 15 cabe pa mwezi pa nyumba ya zipinda zogona zitatu, yokhala ndi bwalo lake kumbuyo, adzakufunsani kuti mwamwa ciani. Koma mudziwo ulikodi. Dzina lake ndi Marinaleda, uli m'cigawo ca Andalusia kum'mwera kwa Spain, ndipo muli anthu pafupifupi 2,700. Mbiri yake, ndi mbiri ya meya wake Juan Manuel Sánchez Gordillo, ndiyo ili m'buku la Dan Hancox lochedwa The Village Against the World, limene kampani ya Verso inasindikiza mu 2013.

Hancox ndi mtolankhani wa ku London, ndipo ena amamudziwa cifukwa ca zolemba zake pa nyimbo za grime. Bukuli ndi la Cingerezi cosavuta, cosadzaza mau a ku yunivesiti. Ndaliwerenga kawiri. Ulendo woyamba ndinatengeka nalo, ulendo waciwiri ndinayamba kukangana nalo. Ndikufuna kukuuzani za maulendo onse awiri.

Buku likuyamba ndi nthaka. Kwa zaka mazana, minda ikulu-ikulu ya ku Andalusia inali m'manja mwa mabanja ocepa olemera. Anthu wamba anali a maganyu, amene ife timati a pisiweki: nyengo yokolola maolivi nchito ilipo, ikatha nyengoyo mukhale cabe mpaka caka camawa. Wolamulira wankhanza Francisco Franco atamwalira mu 1975, anthu oposa theka a ku Marinaleda analibe nchito, ndipo ambiri anali atathawira ku Barcelona, ku France ndi ku Germany kukasakira moyo. Pafupi ndi mudziwo panali famu ya El Humoso ya mkulu wina wolemera, Duke wa Infantado. Pa famupo ankalima tirigu ndi mpendadzuwa, mbewu zimene thirakitala ndi anthu owerengeka amamaliza okha.

Sánchez Gordillo anali mphunzitsi wa mbiri yakale. Mu 1979, pa masankho oyamba a makhonsolo Franco atapita, anasankhidwa kukhala meya kudzera m'cipani ca CUT, cimene cinabadwa kucokera m'bungwe la anchito a m'minda la SOC. Cipanici cinali ca ku Andalusia kokha, ndipo iye ndiye anali mtsogoleri wake wochuka. Kwa zaka zambiri cinali mbali ya mgwirizano wa Izquierda Unida. Mu August 1980 anthu 700 a m'mudzimo anakana kudya kwa masiku opitirira sabata, kutsutsa njala pogwiritsa nchito njala yomweyo. Atolankhani a dziko lonse anathamangira kumeneko, ndipo boma linatulutsa ndalama zothandizira osowa nchito. Apa ndi pamene mudzi unaphunzira kuti wosauka akapanga phokoso mwadongosolo, a ku likulu amamva.

Mitu imene ikufotokoza zaka khumi zotsatira ndiyo mtima wa bukuli. Anthu ankayenda pansi kupita ku El Humoso, apolisi n'kuwacotsa, m'mawa mwake n'kubwereranso. Anakakhala pa mabwalo a ndege, pa masiteshoni a sitima ndi pa maofesi a boma ku Seville. Anakakhalanso pa damu la Cordobilla kupempha madzi othirira, cifukwa panali lamulo lakale lolola boma kutenga gawo la munda umene wafikiridwa ndi madzi a boma. Anali anthu odziwa lamulo kuposa mmene adani awo ankaganizira. Mu 1991 boma la Andalusia linalipira Duke uja n'kupereka mahekitala 1,200 kuti anthu a ku Marinaleda azilima. Hancox walemba gawoli modekha, osathamangira cipambano. Mumamva kutopa kwa miyendo, milandu ya kukhoti, ndi azimai amene anali patsogolo pa zionetsero zambiri. Wacinyamata amene amaganiza kuti kusintha zinthu ndi kulemba mau awiri pa Facebook awerenge mitu imeneyi.

Cimene cinandigwira mtima koposa ndi cosankha cimene kopaletivu yawo inapanga atalandira munda. Anasiya tirigu, n'kuyamba kulima maolivi, tsabola, nyemba ndi artichoke, mbewu zofuna manja ambiri. Anamanganso fakitale yoika zokololazo m'zitini ndi cigayo coyengera mafuta a maolivi. Mwini bizinesi amafunsa kuti, ndicepetse bwanji anchito kuti phindu likule? Iwo anafunsa kuti, tilime ciani kuti anthu ambiri apeze pogwira? Pa nthawi imene buku linalembedwa, aliyense wa m'kopaletivu ankalandira ma euro 47 pa tsiku, ndipo phindu lotsala linkabwezedwa m'nchito. Mungatsutse nzeru imeneyi, koma simunganene kuti ndi maloto, cifukwa mafuta awo ali m'mabotolo ndipo amagulitsidwa.

Nkhani ya nyumba nayo ili ndi masamu ake. Khonsolo imapereka malo, boma la cigawo limathandiza ndi zomangira, amisiri amatsogolera, ndipo amene adzakhalemo amagwira nchito yomanga ndi manja awo. Nyumba zoposa 300 zinamangidwa motero. Lamulo lake ndi limodzi lolimba: nyumbayo simungaigulitse kuti mupezepo phindu. Kumanga wekha si cinthu cacilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1970, pulojekiti yothandizidwa ndi World Bank inakonza Chawama, George, Chaisa ndi Chipata Compound, ndipo agogo athu ambiri anawumba okha mabuloko. Kusiyana kuli pa malo. Ku Marinaleda ploti siicoka m'manja mwa mudzi, conco palibe kada kapena khansala amene angaigulitse kawiri kwa anthu awiri.

Mpaka apa ine ndi Hancox tinali kuyenda limodzi. Tinayamba kusiyana pa zocitika za mu August 2012. Nthawi imeneyo cuma ca Spain cinali citagwa, ndipo ku Andalusia munthu mmodzi mwa atatu aliwonse analibe nchito. Mamembala a bungwe la SAT, limene linalowa m'malo mwa SOC, analowa m'masitolo awiri akulu-akulu, ina ku Écija ina ku Arcos de la Frontera, n'kudzaza matrole ndi mpunga, mafuta, shuga ndi mkaka kuti akapatse mabanja osowa, osalipira. Meya sanalowe m'sitolo. Anaima panja ndi cokuzira mau, ndipo manyuzipepala anamupatsa dzina lakuti Robin Hood. Hancox akuona cocitikaci ngati sewero la ndale limene linakakamiza dziko kukamba za njala, ndipo pamenepo akunena zoona. Koma ku Écija kunali kukankhana ndi anchito a m'sitolo. Amene amakhala pa thilu nayenso ndi wanchito wa malipiro ocepa. Ndiponso meya anali phungu wa nyumba ya malamulo ya Andalusia, udindo umene unkamuteteza m'njira imene anzake okankha matrole sanali otetezedwa. Ife tinaonapo anyamata akugona m'maselo pamene wowatuma ali kunyumba kwake. Ndinafuna kuti wolemba akhalitse pa funso limeneli.

Vuto lalikulu la bukuli ndi cikondi. Hancox anaukonda mudziwu: mabala ake, zikondwerero zake, misewu yochedwa maina a Che Guevara ndi Salvador Allende, masiku a Sabata pamene anthu amasesa ndi kukonza mudzi mwaulere, ndi kusakhalapo kwa apolisi a khonsolo. Anamukondanso meya, ndevu zake ndi nsalu ya ku Palestine imene saisiya pakhosi. Si kuti anabisa zoipa. Muli mutu wathunthu wonena za otsutsa, ndipo akuvomereza kuti ena amaopa kulankhula poyera. Koma mlendo ndi mame. Amabwera, amadya, amabwerera ku London. Amene amatsala ndi uja amene ayenera kukweza dzanja pa msonkhano wa mudzi, meya akumuyang'ana, akudziwa kuti nchito ya mawa ndi nyumba ya mwana wake zimadutsa m'manja mwa anthu omwewo. Kuvota kokweza manja kumaoneka kokongola kwa woonerera. M'mudzi waung'ono, mmene aliyense adziwa mnzake, kungakhale kolemera ngati mwala. Buku likuchula zimenezi kenaka n'kubwerera msanga ku nyimbo ndi mowa.

Vuto laciwiri ndi la ndalama. Mutu wa buku ukuti mudzi ukulimbana ndi dziko lonse, koma gawo lalikulu la zimene mudziwo unamanga linacokera ku thumba la boma la Andalusia ndi la Spain, kuphatikizapo thandizo limene a maganyu a m'minda amalandira nyengo ya nchito ikatha. Palibe colakwa pamenepo. Ndalama za boma ndi za anthu, ndipo kuzikoka kuti zifike kwa osauka ndiyo nchito ya meya. Koma owerenga a kuno ayenera kudziwa zimenezi asanayambe kulota. Marinaleda inali ndi boma lolemera loti ilikakamize. Ngakhale munda wa El Humoso sunakhale wa kopaletivu. Unatsala m'dzina la boma la cigawo, ndipo m'zaka zaposacedwa pakhala mkangano cifukwa bomalo likufuna kuugulitsa. Cimene munapatsidwa ndi siginecha cingacotsedwenso ndi siginecha.

Mutu womaliza wa buku ukufunsa ngati zonsezi zidzakhalapobe meya akadzacoka. Hancox analemba mu 2013, conco ife tili ndi mwayi umene iye analibe, woona zotsatira. Sánchez Gordillo, amene anakhala phungu kucokera mu 1994 mpaka 2000 ndiponso kucokera mu 2008, anatula uphungu mu 2014 cifukwa lamulo linaletsa munthu kukhala meya ndi phungu nthawi imodzi. Anasankha mudzi. Pa masankho a mu 2019 anapambana movutikira kwambiri, mudzi utagawanika pafupifupi pakati. Mu 2023, thanzi litafooka, sanaimenso, ndipo Sergio Gómez wa mbali yake yomweyo ndiye anasankhidwa. Zaka 44 pa mpando umodzi. Anthu anamusankha mwaufulu nthawi zonse, zimenezo n'zoona. Komanso n'zoona kuti munthu amene ankaphunzitsa kuti mphamvu ndi za onse anatenga zaka 44 asanalole wina kugwira ciwongolero.

Ife a ku Zambia nkhani yotere sitiimva ngati yacilendo. Kenneth Kaunda analamulira zaka 27 ndi Humanism yake, anamanga masukulu, zipatala ndi University of Zambia, ndipo makopaletivu anali pakamwa pa boma tsiku ndi tsiku. Mu 1991, caka comweco cimene Marinaleda inalandira munda, anthu a kuno anamucotsa pa voti. Makolo athu amakamba za iye ndi mitima iwiri, kuyamikira ndi kudandaula, ndipo onse awiri ndi oona. Kusiyana kulipo, cifukwa Kaunda analetsa zipani zina pamene Sánchez Gordillo ankapikisana nazo. Koma tinaphunzira kuti mtsogoleri angakhale wosaba, wokonda osauka, n'kukhalabe mthunzi umene umalepheretsa timitengo tina kukula. Hancox akanakhala ndi makolo onga athu, mwina akanalemba mutu wa otsutsa ndi khutu lakuthwa.

Nanga muliwerenge? Inde, ndipo mubwerekane. Mabuku ambiri a ndale amakamba za mapulezidenti, koma ili likukamba za khonsolo: ploti, madzi, nchito, holo ya misonkhano. Kucokera mu 2016 ife timasankha tokha mameya pa voti, koma ndi angati a ife amene amadziwa cimene meya angathe kucita ndi cimene sangathe? Bukuli likuonetsa kuti ofesi yaing'ono imeneyo ingasinthe moyo wa anthu ngati kumbuyo kwake kuli anthu ogwirizana amene satopa msanga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Marinaleda linasenzedwa ndi anthu 700 aja amene anagona ndi njala, ndi azimai amene anayenda pansi kupita ku El Humoso caka ndi caka. Powerenga, yang'anani kwambiri iwowo. Meya wa ndevu adzakukopani monga anakopera wolemba, koma mukafika pa tsamba limene onse akukweza manja, imani pang'ono mufunse za uja amene dzanja lake linatsala pansi.