Za Arthur Ashe ndi Ulendo Wace wa ku Joni

Tenisi ndiwo masewera omenyerana kampira pamwamba pa ukonde. Arthur Ashe, munthu wakuda wa ku America, anapambana m'mipikisano yace yaikuru katatu: kwao mu 1968, ku Australia mu 1970, ndi ku Wimbledon mu 1975, kumene anagonjetsa Jimmy Connors, mnyamata womposa mphamvu, pomponyera mpira wofatsa umene iyeyo sanauzolowere. Alipo ena anapambana kakhumi ndi kupitirira, cifukwa cace owerenga zikho samuika patsogolo.

Koma ife mlandu wace tiuona pa ulendo wa ku Johannesburg. Boma la tsankho linamkaniza kulowa m'dzikomo mu 1970. Pomlola mu 1973 anamuka, ataumirira kuti openyerera akuda ndi azungu asalekanitsidwe mipando. Akuda ena a komweko anamdzudzula kuti kudza kwace kwangosambitsa bomalo m'maso. Mau amenewa sitiwapeputsa, pakuti akuru athu amene anagwira nchito m'migodi ya ku Joni adziwa kuti mipando ya masiku owerengeka sinacotse citupa m'thumba mwa munthu. Komatu anaphunzitsanso ana ku Soweto, ndipo iwo anamuona ndi maso ao munthu wakuda wolimbana ndi azungu poyera. Icinso sitingaciyese cabe.

Cotipangitsa kupendekera kwa odzudzula aja ndico cakuti mwini wace pambuyo pace anagwirizana ndi okana kusewera m'dzikolo, namangidwa ku Washington mu 1985 alikutsutsa tsankho pakhomo pa kazembe wa South Africa.