Kodi Mkwapulo Umalera Mwana?

Ambiri a ife timati, "Tinakwapulidwa, nanga sitinakule bwino?" Koma tidzifunse moona mtima: mkwapulo umaphunzitsa chiyani? Mwana amene wakwapulidwa lero chifukwa choswa mphika, mawa akaswanso adzabisa mapale kuseri kwa nkhokwe. Waphunzira mantha ndi bodza.

Ena amati kuleka mkwapulo ndi maganizo a masiku ano, poti dziko loyamba kuletseratu kumenya ana, Sweden, linachita zimenezi m'chaka cha 1979. Komatu Yohane Bosco Woyera, amene analera anyamata osauka a ku Turin, analemba kale mu 1877 kuti aphunzitsi ake asamenye mwana m'njira iliyonse.

Inde, m'mera mpoyamba, ndipo mwana ayenera kudzudzulidwa. Koma timudzudzule mtima utakhala pansi, timuuze cholakwa chake, akonze chimene waononga. Kawirikawiri tikakwapula timangothetsa mkwiyo wathu.