Kamera ndi Yamahala, Nanga Cithunzi N'ca Yani?

Pali mtundu wa zojambula umene umayamba ndi mphatso. Mlendo abwera ndi makamera, apatsa ana a kumalo osauka, awauza kuti ajambule moyo wao, ndipo pakapita miyezi zithunzizo zipacikidwa pa khoma ku London kapena ku New York. Oonera amaomba m'manja, amvekere ana aja tsopano alankhula. Ine ndikaona zithunzi zotere ndimafunsa funso limodzi: negetivu ili m'manja mwa yani? Pa kamera ya filimu, negetivu ndiyo imabala cithunzi. Amene akuisunga ndiye angatsukitse makope ena, kugulitsa, kusankha coonetsa ndi cobisa. Wopanda negetivu amakhala mlendo pa cithunzi cimene anajambula yekha.

Nchito yochuka kwambiri ya mtundu umenewu ndi kanema wa Born into Brothels wa mu 2004, wopangidwa ndi Zana Briski ndi Ross Kauffman. Briski anapereka makamera ang'onoang'ono a filimu kwa ana a amai ogulitsa thupi ku Sonagachi, mumzinda wa Kolkata ku India, ndipo kanemayo anapata mphoto ya Oscar mu 2005. Zithunzi zina za anawo n'zamphamvu, zimenezo sindikana. Mnyamata wina, Avijit, anali ndi diso lakuthwa moti anaitanidwa ku Amsterdam ndi a World Press Photo, ndipo ndalama za zithunzi zimene zinagulitsidwa zinathandiza pa sukulu ya anawo. Koma penyetsetsani amene akuyendetsa nkhani. Woyala zithunzi kuti zisankhidwe ndi Briski, wothamanga m'maofesi ndi Briski, mpulumutsi ndi Briski. Amai a anawo kawirikawiri timawaona akutukwanana. Bungwe la amai a ku Sonagachi komweko, Durbar Mahila Samanwaya Committee, linadandaula kuti kanemayo sanaonetse nchito imene iwo anali kucita kale yothandiza ana ao. Kamera inali m'manja mwa ana, koma sizasi yodulira nkhani inali kwa wina.

Mcitidwe womwewo wafika kwathu kuno. Mnzanga wina amene amaphunzitsa m'boma la Rufunsa, m'mbali mwa Great East Road, analandira katoni kucokera kwa mlendo amene anali kubwerera kwao. Munali Pentax K1000, ma Zenit awiri, Olympus Trip 35, fulashi, ndi mafilimu amene masiku ake anatha kalekale. Zonse zamahala. Pempho linali limodzi: ana akatsiriza kujambula, mafilimu atumizidwe kunja kuti akatsukidwe bwino, zithunzi zidzabwera pa foni. Mlendoyo analibe mtima woipa. Koma ine ndine mphunzitsi, ndidziwa mmene mwana amawerengera nkhope ya womufunsa. Akazindikira yankho limene likukondweretsa, amabwereza lomwelo. Mwana wa ku Rufunsa sacedwa kudziwa kuti mlendo amakonda masaka a malasha oimikidwa m'mbali mwa mseu, maenje a ofukula golide ndi mapazi opanda nsapato. Zinthu zimenezi ziliko ndithu, aliyense wokwera basi ya ku Chipata amaziona pa windo. Vuto lili pomwepo. Mwana amayamba kujambula mudzi wake monga mmene wodutsa amauonera.

Yerekezani ndi zithunzi zimene makolo athu anadzilipirira okha. Sana Ginwalla, amene anayambitsa Everyday Lusaka ndi Zambia Belonging, anapeza mulu wa zithunzi zakale ku Fine Art Studios mu Lusaka, zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Mukaziona mupeza anthu atabvala zobvala zao zabwino, atapesa, ataima mwaulemu kutsogolo kwa kamera. Anasankha okha mmene adzakumbukidwira. N'cimodzimodzi ndi zithunzi za m'maalubamu a m'komboni, za wojambula uja woyenda pa njinga pa Sondo, amene tinali kumupatsa theka la ndalama n'kudikira milungu iwiri. Amai sanali kulola kujambulidwa atasenza ndowa. Anali kuyamba asamba, amanga duku latsopano, aitanitsa wailesi kuti nayo ioneke. Ena amati zithunzi zotere n'zabodza cifukwa zimabisa umphawi. Ine ndimazikhulupirira kuposa za m'zionetsero zija, cifukwa wojambulidwa anali ndi conena pa nkhope yake. Umphawi anali nao, koma sanafune kuti ukhale dzina lake.

Tisaiwalenso kuti filimu yamitundu poyamba inapangidwira khungu lina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi la mkazi wacizungu, lochedwa Shirley, kuti azilinganizirapo mitundu. Khungu lakuda linali kutuluka ngati mthunzi, mano ndi maso okha mbee. Wofufuza Lorna Roth analemba kuti cina cimene cinakankha Kodak kusintha ndi madandaulo a opanga cokoleti ndi mipando ya matabwa, amene katundu wao sanali kuoneka bwino pa zithunzi zotsatsa malonda. Mafilimu a masiku ano anawongoleredwa, koma phunziro likadalipo, makamaka pa filimu yogonera imene mphamvu yake yacepa: nkhope yathu ifuna kuwala kokwanira. Musaimike munthu kutsogolo kwa thambo lowala masana. Mulowetseni mumthunzi wa mango, muyeze kuwala pafupi ndi nkhope yake, ndipo filimu ikakhala yakale onjezerani kuwalako.

Kodi ndiye tikane makatoni amenewa? Iyai. Ndife anthu a salaula, tidziwa kusankha jekete labwino pa mulu n'kulibvala mwathumwathu. Makamera akale ali ndi ubwino umene foni ilibe. K1000, imene Pentax inapanga kuyambira 1976 mpaka 1997, imajambula popanda batire. Batire ndi ya coyezera kuwala cabe. Trip 35 sifuna batire n'komwe, coyezera cake cimatenga mphamvu ku kuwala komweko. Amene akumbukira mdima wa 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, amvetsa phindu lake, makamaka kumidzi kumene kuchajisa foni n'kolipira. Filimu imodzi imapatsa zithunzi 24 kapena 36 basi, ndiye munthu amaphunzira kudikira, kupempha cilolezo ndi kuganiza asanadinize. Ndipo negetivu yosungidwa pouma imakhala zaka makumi ambiri, pamene zithunzi za pa foni zimapita tsiku limene foniyo yabedwa m'minibasi.

Musanasangalale, tsegulani kumbuyo kwa kamera muone ngati kasiponji kotsekereza kuwala sikanasungunuke, ndipo penyani lenzi powala ngati mulibe nkhungu. Kenako werengani mtengo weniweni, umene uli pa filimu ndi pa kutsuka. Masitudiyo ambiri amene anali kutsuka filimu anatseka kapena anasamukira ku dijito. Filimu yamitundu ifuna mankhwala otentha madigiri 38, ndipo kuwasunga pa kutentha komweko popanda makina n'kobvuta. Yakuda ndi yoyera njofatsa. Ifuna katanki, cikwama cakuda colowetsamo manja, coyezera kutentha, mankhwala awiri, ndi madzi a madigiri pafupifupi 20, amene mu Okutobala mungawaziziritse mumtsuko. Ngakhale khofi wosungunula, soda wocapira ndi vitamini C zimatulutsa cithunzi, njira yochedwa caffenol, koma mankhwala aciwiri, a fixer, muyenera kugulabe. Zonsezi zingakwane mu kabati imodzi ya pasukulu. Wopereka akakupatsani kamera n'kusunga nchito yotsuka, wakupatsani khasu koma nkhokwe waimanga kwao. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Rufunsa ndi boma laling'ono m'zaka. Linadulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Michael Sata, ndipo alubamu yake sinadzale. Akasupe otentha a ku Chinyunyu, anamwino a cipatala ca St Luke's ku Mpanshya, ogulitsa madengu ndi nsomba zouma kufupi ndi Luangwa Bridge, agogo olankhula Cisoli pakhonde madzulo, onsewa adzajambulidwa ndithu, kaya ndi odutsa kaya ndi ana a komweko. Tsono inu acinyamata, kaya muli ku Kanyama, ku Mtendere kapena kwa Shikabeta, wina akakupatsani kamera landirani ndi manja awiri, muthokoze. Mukatero pemphani katanki ndi mankhwala, ndipo nenani poyera kuti manegetivu atsala kuno. Cionetsero coyamba cikhale pa khoma la kalasi, pamene ojambulidwa angabwere kudzaloza ndi cala n'kunena kuti ici cotsani, ici siyani. Ku London zipite pambuyo, eni nkhope atabvomera.