Buku la Paul Farmer ndi Odwala a ku Haiti

Buku lotchedwa AIDS and Accusation, la 1992, lidachokera m'kafukufuku amene Paul Farmer adalandira naye digiri ya PhD ku Harvard mu 1990. Limasimba za alimi a ku Haiti amene damu la Péligre lidamiza minda yawo, umphawi n'kuthamangitsira ana awo ku Port-au-Prince, kumene ena adatenga Edzi. Kumudzi anthu ankaloza mfiti, monganso timachitira ife. Farmer adaloza njala ndi kusowa kwa chipatala, ndipo apa ndiye pagona mphamvu ya bukuli. Pena adaphonya: ankati kachilombo kadafika ku Haiti kuchokera ku America, koma kafukufuku wa 2007 adaonetsa kuti kadayamba kufika ku Haiti. Chaka chomwecho bungwe lake, Partners In Health, lidayamba kusamala odwala ku Neno.