Ntchito ya Kumvetsa Nkhani za m'Chingerezi Zokamba za Mabuku, Luso ndi Kanema: Kuunika Kwake Potengera Wophunzira wa ku Mbombwe

1.0 Mau Oyamba

M'mabuku ophunzirira Chingerezi a m'sukulu zathu za sekondale, ndiponso m'mapepala a mayeso, muli ntchito imodzi imene sisowa: ndime ya nkhani, yotsatiridwa ndi mafunso oyesa ngati wophunzira wamvetsa. Zina mwa ndime zimenezi zimakamba za alembi a mabuku, za ojambula ndi osema, kapena za kanema. Cholinga chake n'chabwino, pakuti mwana wophunzira chiyankhulo ayenera kukumana nacho pamene chikunena zinthu zakuya. Komabe m'pepala lino tifuna kuonetsa kuti ntchitoyi, monga momwe imalembedwera kawirikawiri, imasakaniza zinthu zitatu zosiyana: kudziwa mau ndi malamulo a Chingerezi, kudziwa dziko limene nkhaniyo ikunena, ndi luso lenileni la kuwerenga. Mwana akalephera, mphunzitsi sadziwa chimene chamugwetsa mwa zitatuzi; akakhoza, sitingatsimikize kuti wamvadi. Pamenepa pagona tsogolo la ana ambiri, popeza amene walephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena.

Tasankha kuganizira wophunzira wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chifukwa kumeneko kunakhala mmodzi wa anthu oyamba a dziko lino amene anawerenga ndi kulemba Chingerezi pofuna kunena za kukhosi kwa anthu ake.

2.0 Njira Imene Wophunzirayo Wadzera

Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa m'chaka cha 1968 unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zikhale ziyankhulo za boma. Potsatira chigamulocho, ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo Chingerezi chinkatenga malo kuyambira Sitandade 5. M'chaka cha 1996 Unduna wa Maphunziro unalengeza kuti makalasi anayi oyambawo aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha makolo a anawo. Pambuyo pake Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Pakati pa zosintha zimenezi panabwera maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, amene anadzaza makalasi koposa mabuku ndi aphunzitsi omwe analipo.

Kafukufuku wa Eddie Williams, wofalitsidwa m'chaka cha 1998, anayerekeza ana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Ana a ku Zambia panthawiyo ankaphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, koma powerenga Chingerezi sanapose kwenikweni anzao a ku Malawi. Pamene powerenga chiyankhulo cha kwao, a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. M'maiko onse awiri, ana ambiri Chingerezi chao chinali chosakwanira kuphunzirira maphunziro ena. Tikamupatsa wophunzira wa Fomu 2 ndime yokamba za nyumba yoonetsera zojambula ya ku London, tikumbukire kuti njira imene wadzera ndi imeneyi.

3.0 Kodi Mafunsowa Amayesa Chiyani?

Tapeka chiganizo chimodzi cha mtundu umene umapezeka m'ndime zoterezi: "The curator hung the late portrait beside the early sketches, which the critics had dismissed as derivative." Funso lozolowereka limakhala lofunsa malo pamene chithunzicho chinapachikidwa. Wophunzira wochenjera amangofuna mau a m'funso m'kati mwa ndime, n'kukopera amene atsatirapo, ndipo amalandira malikisi onse. Kuti tione kuchepa kwa funso lotere, tiyeni tipange chiganizo cha mau opanda tanthauzo koma chotsata malamulo a Chichewa: "Mtafulo anabwendera chigoto pambali pa zinsepe." Tikafunsa kuti, "Kodi mtafulo anabwendera chigoto pati?" aliyense ayankha kuti pambali pa zinsepe, chikhalirecho palibe wodziwa mtafulo kapena zinsepe. Funso limene lingayankhidwe motere likuyesa maso a mwana okha.

Pamene funso lilowadi m'kati, mavuto amene amatuluka ndi a chiyankhulo, ndipo tingathe kuwatchula limodzi ndi limodzi. Loyamba ndi la mau odziwika okhala ndi tanthauzo losadziwika. Mwana wa kuno amadziwa "late" monga kuchedwa ku sukulu, kapena monga malemu, pakuti ndimo amawamvera pa mauthenga a maliro. Motero adzaganiza kuti chithunzicho n'cha munthu womwalira, pamene wolemba akunena chojambulidwa kumapeto kwa moyo wa mmisiriyo. Chimodzimodzinso "dismissed" amawadziwa monga kuchotsedwa ntchito. Mau otere ndi oopsa koposa achilendo enieni, chifukwa mwana saona chifukwa chofunsira.

Lachiwiri ndi la alowam'malo. M'Chichewa magulu a maina amatitsogolera: tikati "chithunzi chimene" kapena "zojambula zimene", mgwirizano wa gulu watiuza kale chimene chikunenedwa. Mau a Chingerezi akuti "which", "it" ndi "they" sanyamula chizindikiro chotere, ndipo wowerenga ayenera kupeza mwini wake poyang'ana kaimidwe ka chiganizo. Kumbali ina, Chingerezi chimasiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, pamene ife timangoti "iye". M'ndime yofotokoza buku la anthu angapo, mwana wosazolowera kusiyanitsaku amataya msanga amene wachita ndi amene wachitidwa.

Lachitatu ndi la nthawi za aneni. Mau akuti "had dismissed" akutibweza m'mbuyo, ku zimene zinachitika chithunzi chisanapachikidwe. Chichewa chili nayo njira yake, monga "anali atazinyoza kale", koma mwana amene sanasonyezedwe kufanana kumeneku amawerenga zochitika zonse motsatana monga zalembedwera.

Pa kuchuluka kwa mau achilendo, Batia Laufer m'chaka cha 1989 anaonetsa kuti wowerenga afunika kudziwa mau 95 pa 100 aliwonse kuti amve ndime mokwanira, ndipo Hu ndi Nation m'chaka cha 2000 anakweza muyezowo kufika pa 98. M'ndime ya mau 300, ndiye kuti achilendo asapitirire 15 pa muyezo woyamba, kapena 6 pa wachiwiri. Chiganizo chathu chimodzi chija chili kale ndi anayi kapena asanu.

4.0 Zimene Wowerenga Amabwera Nazo

Kumva nkhani kumadaliranso zimene munthu akudziwa kale. Steffensen, Joag-Dev ndi Anderson m'chaka cha 1979 anapatsa anthu a ku America ndi a ku India makalata awiri, ina yofotokoza ukwati wa ku America, ina wa ku India. Gulu lililonse linawerenga msanga ndi kukumbukira zambiri za ukwati wa kwao, ndipo linapotoza za ukwati wa eni ake. Onsewo anali akuluakulu odziwa bwino Chingerezi. Ngati zinatero ndi iwo, kuli bwanji mwana wa Fomu 2?

Pano ndi pamene Mbombwe atithandiza. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, naphunzira ku Lynchburg, Virginia, ndipo atabwerako m'chaka cha 1900 anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe. Mu November 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo kufalikira, koma inasungika, ndipo George Shepperson ndi Thomas Price anaisindikiza m'buku lao la Independent African la 1958. Wophunzira wa ku Mbombwe amadziwa tchalitchi cha pa mishoni, imene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso m'chaka cha 1926. Anamva za thangata ndi za Magomero. Amaona mwambo wa pa 15 January. Tikamupatsa kalata imeneyi, dziko la m'nkhaniyo akulidziwa kale, ndipo chotsala kuyesedwa ndi Chingerezi ndi luso la kuwerenga. Mafunso ake angakhale enieni: kodi wolemba akuyankhula ndi yani? N'chifukwa ninji anasankha Chingerezi? Ndi mau ati amene akuonetsa ulemu, ndipo ndi ati amene akuonetsa mkwiyo? Chingerezi cha kalatayo n'cha kale ndithu, ndipo mau ena afunika kumasuliridwa m'mphepete; komabe mwana adzalimbana nawo chifukwa afuna kudziwa chimene munthu wa kwao ananena.

Tichenjeze apa okonza mabuku amene angaganize kuti kungosintha London kukhala Malawi kwatha vuto. Zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawaika m'kaundula wake m'chaka cha 2006, n'zoyenera kuwerengedwa. Chimodzimodzinso Gule Wamkulu, kapena ntchito za amisiri a ku Kungoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976. Koma ku Chiradzulu kuli ana ambiri a Chilomwe ndi a Chiyao, amene za kudambwe zili nawo kutali. Kwa mwana wa Chilomwe, tchopa ndiye ali pafupi. Ndiponso ndime ya Chingerezi yokamba za Gule Wamkulu imagwiritsa ntchito mau monga "mask" ndi "dancer", amene amanena poyera zimene mwambo sulola kunena pabwalo. Mwana wolowa mwambo angathe kusiya funso losayankha ngakhale wamva bwino lomwe, ndipo wochonga adzalemba kuti sanamvetse.

5.0 Ndakatulo ndi Yankho Limodzi

Pa zolembalemba, chilema chachikulu ndicho funso la mayankho anayi osankhapo limodzi. Ndakatulo za Jack Mapanje za m'buku la Of Chameleons and Gods la 1981 zinalembedwa m'masiku a lamulo lounika mabuku ndi zisudzo la 1968, pamene mlembi ankayenera kuphimba mau ake monga achitira bilimankhwe. Ngakhale zinali tero, mlembiyo anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Luso la ndakatulo zotere lagona pa kunena ziwiri nthawi imodzi. Kuumiriza mwana kusankha tanthauzo limodzi ndiko kumulanda chimene amachidziwa kale, pakuti amene wakulira m'miyambi, m'zilapi ndi m'nyimbo za pamtondo sayamba lero kumva mau ophiphiritsa. Momwemonso Napolo wa Steve Chimombo: mwana wa ku Chiradzulu amene anaona mapiri akugumuka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 ali ndi zambiri zonena za Napolo, ndipo funso lomupatsa mpata wolemba ziganizo zitatu lingaonetse kumva kwake koposa kachizindikiro ka m'bokosi.

6.0 Kanema

Ndime zokamba za kanema zimaganiza kuti mwana analowapo m'nyumba yaikulu yoonetsera filimu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba m'chaka cha 1999, ndipo ana ambiri a kumudzi amaonera mafilimu m'tinyumba ta vidiyo ta pa msika, kawirikawiri omasuliridwa m'Chichewa. Komabe zipangizo zabwino zilipo. Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat m'chaka cha 2012 ndi The Road to Sunrise m'chaka cha 2017. Filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, ili ndi zigawo zambiri zoyankhulidwa m'Chichewa, zomasuliridwa ndi mau a Chingerezi olembedwa m'munsi. Pamenepo mwana amamva ndi khutu chiyankhulo chake, akuwerenga Chingerezi, ndipo angathe kuweruza yekha ngati womasulira walondola. Nkhani ya William Kamkwamba imene ili ndi phunziro kwa ife: iye anawerenga buku la Using Energy m'kanyumba ka mabuku ka ku Wimbe, ku Kasungu, Chingerezi chake chili chochepa, natsata zithunzi ndi zilembo zake mpaka anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Umboni wa kumvetsa kwake unali nyali yoyaka.

7.0 Zimene Tikupempha

Kwa okonza maphunziro a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kwa bungwe la mayeso la MANEB, ndi kwa anzathu a ku Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Bungwe la Chichewa m'chaka cha 1996, tikupereka mfundo zinayi. Yoyamba, ndime iliyonse iwerengedwe mau ake achilendo isanasindikizidwe, ndipo funso lililonse liyesedwe ngati lingayankhidwe pongokopera, lotero lichotsedwe. Yachiwiri, alowam'malo, nthawi za aneni ndi mau a matanthauzo awiri ziphunzitsidwe poyerekeza ndi Chichewa mosabisa. Yachitatu, ndime zisanjidwe kuyambira pa zapafupi kunka ku zakutali, kuti mwana wa Fomu 4 adzafike ku Shakespeare ndi ku zojambula za ku Ulaya atalimba miyendo; kumutsekera ku za m'mudzi mwake zokha kungakhale kumumana. Yachinayi, m'kalasi mwana aloledwe nthawi zina kufotokoza m'Chichewa zimene wawerenga m'Chingerezi. Jim Cummins anaonetsa kale m'chaka cha 1979 kuti luso la kuwerenga lopezedwa m'chiyankhulo choyamba limathandiza chachiwiri. Ndipo kwa mphunzitsi, iyi ndiyo njira yapafupi yosiyanitsira mwana amene sanamve ndi amene wamva koma wasowa mau oyankhira. Ana awiriwa afunika chithandizo chosiyana, ndipo pepala la mayeso limene liwapatsa ziro mmodzi yemweyo silinatiuze kanthu za aliyense wa iwo.