Nyale ya khosi lalitali imene inabwera kucokera ku Tete

Pa Khisimasi yapitayi, mwana wa mlongo wanga amene amagwira nchito ku Tete anatsika minibasi pa Ulónguè atanyamula katoni yaitali kuposa iye mwini. Atafika pakhomo anati, "Atsibweni, popeza magetsi anafika, ndakubweretserani cinthu ca m'tauni." Munali nyale yoima pansi, imene pa Cipwitikizi amati candeeiro de pé. Ili ndi tsinde lobulungira, citsulo conyezimira cokwera m'mwamba n'kupindika ngati uta, ndipo kumapeto kwake kukulendewera cibakuli ca babu. Anthu anabwera kudzaona. Ine ndinathokoza monga ayenera kucitira munthu wopatsidwa mphatso, ndipo kuthokozako kunali kocokera pansi pa mtima. Koma kudandaula kwanga ndi nyaleyi kunayamba usiku womwewo, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni, abale anga, cifukwa zinthu zamtunduwu zayamba kuoneka m'masitolo ndipo ena a inu mudzafuna kugula.

Nyaleyi ndi yongotengera ina. Yeniyeni dzina lake ndi Arco. Inapangidwa ku Italy m'caka ca 1962 ndi amuna awiri apacibale a ku Milano, Achille ndi Pier Giacomo Castiglioni, ndipo kampani ya Flos ikuigulitsabe mpaka lero. Awiriwa anali ndi funso limodzi: kodi kuwala kungatsikire bwanji pakati pa tebulo popanda kuboola siling'i? M'nyumba zosanja za m'mizinda ya kwawo, waya wa magetsi umatulukira pamalo amodzi, ndipo ukasuntha tebulo kuwala kumatsala. Yankho analipeza pa nyale za mumsewu, zimene mtengo wake umaima m'mbali koma kuwala n'kugwera pakati. Motero uta wa Arco umatambasuka pafupifupi mamita 2, ndipo ndi wautali moti munthu wonyamula mbale amadutsa pansi pake osawerama.

Kuti uta wotere usagwe, tsinde liyenera kulemera. Anasankha mwala woyera wa ku Carrara, wolemera pafupifupi makilogalamu 65, kuposa thumba la cimanga. Ngodya za mwalawo anazisenga kuti zisaceke mwendo wa munthu. Pamwalapo anaboola bowo, ndipo anthu ambiri amayesa ndi cokongoletsa, koma ayi: mumalowa mpini wa tsace, anthu awiri n'kunyamula, wina uku wina uku, monga timanyamulira mgolo pa mtengo. Timabowo ta pamwamba pa cibakuli ndi totulutsira kutentha kwa babu. Mukaloza ciwalo ciriconse ca nyaleyi n'kufunsa kuti ici n'ca ciyani, yankho lilipo.

Kaganizidwe kameneka ndi kamene amakacha modernismo. Kanakula kwambiri pa sukulu ya Bauhaus, imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar, m'dziko la Germany, mu 1919, ndipo inatsekedwa mu 1933 cipani ca Nazi citatenga boma. Aphunzitsi a kumeneko ankati maonekedwe a cinthu acokere ku nchito yake, citsulo cioneke kuti ndi citsulo, galasi lioneke kuti ndi galasi, ndipo maluwa ongomata acotsedwe. Mfundoyi ine ndimagwirizana nayo, ndipo si yacilendo kwa ife. Mthiko ulibe cokongoletsa, koma palibe amene anganene kuti ndi woipa. Pamene sindigwirizana nawo ndi pa lonjezo lawo lakuti zinthu zabwinozi zidzafika kwa munthu wamba. Nyale ya patebulo imene Wilhelm Wagenfeld anapanga pa Bauhaus mu 1924 imaoneka ngati yocokera m'fakitale, koma inkapangidwa ndi manja ndipo wanchito wamba sakanaikwanitsa. Arco yeniyeni lero mtengo wake ungagule njinga yamoto, cenji n'kutsala. Cinthu cimene cinabadwa ngati yankho cinasanduka cizindikiro cakuti mwini nyumba ali nazo. N'cifukwa cake otengera anaculuka, mpaka mlandu wa nyale zotengera Arco unafika ku khoti lalikulu la European Union, limene linapereka cigamulo mu 2011.

Tsono yanga ija. Otengerawo anatenga uta, n'kusiya cifukwa ca uta. Tsinde lake ndi cibekete copyapyala copakidwa utoto wa mizeremizere kuti cioneke ngati mwala, ndipo ndimalinyamula ndi dzanja limodzi. Apa pokha mfundo ya Bauhaus yaphedwa kale, pakuti citsulo cavala nkhope ya mwala. Simenti ya pabalaza panga anaiyala mmisiri wa m'mudzi mwathu ndi thabwa ndi diso, ndiye ili ndi kotsetsereka kake. Pa tsiku lacitatu mdzukulu wanga wa giredi 5 anakhudza citsulo ndi phewa pokatenga kope lake, nyale yonse inaweramira patebulo ngati ng'ombe yakumwa madzi, babu n'kusweka pafupi ndi mbale ya ndiwo. Mwamwayi palibe anavulala, koma ndiwo tinataya.

Ngakhale ikanakhala ya mwala weniweni, ndikanafunsabe ngati funso limene Arco inayankha liri lathu. Nyumba zambiri kuno, tsidya lino ngakhale tsidya la Dedza, zilibe siling'i. Pamwamba pali mitanda ndi malata. Ukafuna kuwala pakati pa tebulo, umamanga waya pa mtanda, basi, ndipo tebulo likasuntha umamasula n'kumanganso. Pansi ndiye pamene malo ali osowa: pamakhala mphasa, ana okwawa, matumba a mbatata ya kacewere nthawi yokolola, nkhuku yolowa mosaitanidwa. Nyale yoima pansi imadya malo amene tilibe pofuna kupulumutsa siling'i imene tilibenso.

Sindikunena kuti amisiri a ku Ulaya aja alibe cotiphunzitsa. Abale awiri omwewo, m'caka comweco ca 1962, anapanga nyale ina yoima pansi dzina lake Toio. Anatenga nyale ya kutsogolo kwa galimoto n'kuiika pamwamba pa kacitsulo koongoka, waya n'kuudutsa m'timphete ta ndodo yowedzera nsomba, ndipo thiransifoma yolemera anaiika pansi kuti igwire nyale isagwe, osaibisa n'komwe. Nditaona cithunzi cake ndinaseka, cifukwa ndinakumbuka amisiri a pa msika wa Lizulu amene amasandutsa citini cotayidwa kukhala koloboyi, ndi anyamata amene amaphwasula toci yakufa, n'kundandika mabatire m'kabango, timababu n'kupacika padenga. Nzeru yake ndi imodzi: yang'ana cimene cilipo, funsa cimene cingacite. Kusiyana n'kwakuti Toio ili m'nyumba zosungira zaluso ndipo dzina la mwini wake limadziwika, pamene wa koloboyi timamunenerera mtengo.

Amene anandigwira mtima kwambiri ndi Poul Henningsen wa ku Denmark. Iyeyu anakulira pa kuwala kwa nyale ya palafini monga ife, ndipo magetsi atafika anaona kuti babu losaphimba limalasa maso. Moyo wake wonse anaupereka pokonza zophimba zosanjikizana ngati mbale, kuti paliponse pamene wakhala usaone babu lenileni, koma kuwala kokha. Ili ndiye vuto lathu lenileni lero. Koloboyi ankatidetsa mphuno ndi mwaye, ndipo sindimulira. Koma mababu oyera a sola ndi a LED amene tagula tonse timawapacika osaphimba, ndipo mwana akawerenga ola limodzi maso amatuluka misozi, nkhope za anthu pa cakudya zimaoneka ngati za odwala. Za zimenezi ogulitsa nyale zokongola sanenapo kanthu. Yanga ija inabwera ndi babu loyera mbee, ndipo cibakuli cake n'cosaya moti wokhala pa mphasa amayang'anizana nalo maso ndi maso.

Palinso Isamu Noguchi, amene mu 1951 anapita ku Gifu, tauni ya ku Japan yodziwika ndi nyale za mapepala, n'kuyamba kupanga nyale zochedwa Akari ndi nthiti za nsungwi ndi pepala la makungwa a mtengo. Zina mwa izo zimaima pansi pa timiyendo ta waya, ndipo mwana angathe kuzinyamula. Nsungwi ife tili nazo, oluka malicero tili nawo, ndipo babu la LED silitentha kwambiri monga ankacitira mababu akale, ngakhale pamafunikabe mpata pakati pa babu ndi cophimba. Pa lawi la moto ndiye musayese.

Ndinapita kwa mkulu wina woluka madengu kuseri kwa phiri la Dómuè ndi cibakuli cija m'manja. Anacitembenuza kawiri, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mukufuna kuwala kutulukire kuti?" Ndinati pansi, ndi pang'ono m'mbali. Patapita sabata anandipatsa kadengu kozondoka, kolukidwa mothina pamwamba ndi motayana kumunsi, kakuya kuposa cibakuli ca citsulo. Pa tsinde la cibekete paja amayi a kunyumba anasanjikapo mphero yakale ya agogo awo, imene inangokhala kuseri kwa nkhokwe cibwerere cigayo. Nyale tinaikankhira pakona pamene simenti ili yosalala, uta n'kuloza patebulo. Mdzukulu amawerengera pomwepo madzulo alionse. Mwana wa mlongo wanga akubwera pa Pasaka, ndipo sindinamuuze.