Injini Ibwerere Mwakale

Pa Mponela, pomwe msewu wa ku Ntchisi umapatuka pa M1, makaniko amene ndimamulemekeza ndi uja sakhutira injini ikangolira. Mukamupatsa Land Rover Series III, zija zinkapangidwa ku Solihull kuyambira 1971 mpaka 1985, amafuna ibwerere momwe inatulukira kufakitale. Amatsuka injini ndi palafini, kupala dzimbiri ndi burashi ya waya, kenako kupaka penti yobiriwira motuwa ya eni ake, osati yotsala m'chitini. Mphira za chubu zomangira mapaipi amazidula, waya aliyense n'kudutsa m'njira yake. Ena amati akutaya nthawi. Koma injini yoyera imaonetsa msanga pamene oyilo akudontha, galimoto isanayambe kukwera zitunda za Ntchisi itasenza mabelo a fodya.